Battling Siki: mwana wa ku Senegal amene anagwetsa ngwazi ya ku France



Mkangano uja wabukanso. Amene anakhalapo pa vidiyo sho ku Mponela, pa khonde la telala ku Madisi, kapena pansi pa mtengo pa boma la Ntchisi anyamata akudikira Swala ya Asr, akuudziwa bwino. Wina amati Floyd Mayweather ndiye katswiri woposa onse chifukwa sanagonjepo. Mnzake amaseka, amvekere mukamuika Mayweather m'bwalo limodzi ndi chimphona ngati Anthony Joshua, chibakera chimodzi chokha nkhani yathera pompo. Wachitatu ndiye amakakamira kuti luso ndi luso basi, thupi ndi katundu chabe. Adhana imamveka anthu asanamvane, mawa n'kuyambiranso pomwepo.

Lero tiuone mkanganowu kudzera m'moyo wa munthu mmodzi amene ambiri a ife sitinamumvepo. Anabadwira m'banja la Chisilamu, ndipo amatchulidwa kuti ndiye munthu woyamba wobadwira mu Africa kutenga lamba wa dziko lonse pa nkhonya. Anamwalira mu 1925, agogo athu ambiri asanabadwe. Dzina lake ndi Amadou M'Barick Fall, koma dziko linamudziwa ngati Battling Siki.

Tisanafike kwa iye, tiyambe ndi sikelo. Ife a kuno sikelo timaidziwa. Timaiona pogulitsa soya ndi mtedza, timaiona pa mabelo a fodya, ndipo timadziwa mmene mtima umawawira venda akaichita zachinyengo. Ku nkhonya nakonso zonse zimayambira pa sikelo. Osewera awiri asanamenyane amayezedwa kaye, ndipo aliyense amaikidwa m'gulu lake. Masiku ano magulu odziwika alipo 17, kuyambira anyamata osapitirira makilogalamu 48 mpaka gulu la heavyweight lomwe lilibe malire kumwamba. M'nthawi ya Siki magulu akuluakulu anali 8. Gulu lake linali light heavyweight, lomwe malire ake ndi makilogalamu 79 ndi pang'ono. Aliyense wopitirira pamenepo ankawerengedwa kuti ndi heavyweight. Kungoona kuti eni masewerawa anavutika kugawa anthu m'magulu chonchi, mukudziwiratu kuti thupi si nkhani yocheza.

Siki anabadwa pa 16 September 1897 mu mzinda wa Saint-Louis, pomwe mtsinje wa Senegal umathira m'nyanja ya Atlantic. Ndi mzinda wa asodzi, wa mizikiti ndi madrasa, ndipo nthawi imeneyo unali m'manja mwa atsamunda a ku France. Akadali mwana wamng'ono anakwera sitima yapamadzi n'kukapezeka kum'mwera kwa France, kutali ndi makolo, kutali ndi ashehe amene akanamuphunzitsa. Anakula ndi maganyu a m'mahotela ndi m'malesitilanti, kutsuka mbale ndi zina zotero. Ali ndi zaka pafupifupi 15 anayamba kumenya nkhonya zolipidwa. Poyamba sizinkayenda kwenikweni: apa wapambana, apo wagonja, ngati mnyamata wina aliyense wofuna ya sopo.

Mu 1914 kunabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija imene inatenganso makolo athu kuno kukanyamula katundu wa asilikali. Siki analowa usilikali wa France ndipo anamenya nkhondo molimba mtima mpaka kupatsidwa mamendulo awiri, Croix de Guerre ndi Médaille militaire. Nkhondo itatha anabwerera m'bwalo ali munthu wina. Kuyambira 1919 mpaka 1922 anamenya nkhonya zoposa 40 ku France, ku Netherlands, ku Belgium ndi ku Germany, ndipo pafupifupi zonse anapambana. Mu 1922 anagonjetsa Marcel Nilles, amene anali ngwazi ya heavyweight ya dziko la France. Apa ndi pamene anthu anayamba kufunsa ngati sangakumane ndi Georges Carpentier.

Carpentier ameneyu timudziwe bwino, chifukwa moyo wake wokha ukuyankha theka la mkangano wathu. Anabadwa mu 1894 kudera la migodi ya malasha kumpoto kwa France. Anayamba nkhonya ali kamnyamata kopepuka, n'kumakwera magulu pamene thupi linkakula. Anatenga malamba a ku Ulaya pa welterweight, pa middleweight, pa light heavyweight mpaka pa heavyweight. Sanali chimphona ayi. Chida chake chinali liwiro, mapazi opepuka, ndi dzanja lamanja lomwe linkafika pachibwano mnzake asanaphethire. Mu 1913 anakumana kawiri ndi Mngelezi wamtali ndi wolemera kuposa iye, Bombardier Billy Wells. Ulendo woyamba anamugwetsa mu raundi 4, wachiwiri ku London sanamalize naye ngakhale raundi yoyamba. Mu 1919 anachita chimodzimodzi ndi Joe Beckett, ngwazi ya heavyweight ya ku Britain, m'mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Mu 1920 anatenga lamba wa dziko lonse wa light heavyweight pogwetsa Battling Levinsky ku America. Amene mumati luso limaposa thupi, umboni wanu ndi umenewu.

Koma musaombe m'manja msanga. Pa 2 July 1921, ku Jersey City, Carpentier anafuna lamba wa heavyweight wa dziko lonse kwa Jack Dempsey. Anthu anadzaza bwalo pafupifupi 80,000, ndipo aka kanali koyamba kuti ndalama za pakhomo pa nkhonya zipitirire madola 1 miliyoni. Pa sikelo Carpentier anali ndi makilogalamu 78, Dempsey 85. Mu raundi yachiwiri Carpentier anaponya dzanja lamanja lija, lomwe linagoneka Wells ndi Beckett, ndipo linafika ndithu. Dempsey anangodzandira pang'ono osagwa, koma chala chachikulu cha Carpentier ndi chimene chinathyoka. Mu raundi 4 Carpentier anali pansi akuwerengeredwa. Kusiyana kwake kunali kotani? Wells ndi Beckett anali akuluakulu koma luso lawo linali lochepera. Dempsey anali wamkulu komanso waluso. Luso likafanana, makilogalamu 7 okha amakwana kuweruza mlandu.

Zoterezi zinachitikaponso ndi anthu a kufupi kuno. Mu 1978 Lottie Mwale wa ku Zambia, amene anali light heavyweight weniweni, anakumana ku Leicester ndi Tony Sibson, mnyamata waluso wa ku England amene thupi lake lenileni linali la middleweight. Mwale anamugwetsa mu raundi yoyamba. Sibson atakhazikika m'gulu lake anadzatenga malamba a ku Ulaya ndi a Commonwealth. Ndiye pali m'bale wathu Drake Thadzi wa kuno ku Malawi, amene mu 1997 anagonjetsa James Toney ku America pa light heavyweight. Toney anali atakhalapo ngwazi ya dziko lonse m'magulu awiri apansi, ndipo pa luso ankawerengedwa pakati pa akatswiri enieni. Koma ankavutika kusunga thupi lake pa sikelo, ndipo tsiku limenelo anapeza Mmalawi atakonzeka.

Tibwerere kwa Siki. Pa 24 September 1922, m'bwalo la Buffalo ku Montrouge pafupi ndi Paris, anthu zikwizikwi anabwera kudzaona Carpentier akuteteza lamba wake kwawo. Pa sikelo awiriwa anali pafupifupi ofanana, choncho nkhani ya thupi panalibe. Pa luso aliyense ankati Carpentier ali patali. Nyuzipepala zinkalemba za Siki ngati munthu wa kutchire wongoponya manja, zina mpaka kumufanizira ndi nyani, ngakhale anali munthu wobadwira mu mzinda, wolankhula zilankhulo zingapo, wovala mamendulo a dziko lawo lomwelo. Carpentier naye anamuderera. Anali atazolowera moyo wa kutchuka ndipo sanakonzekere ngati mmene ankachitira kale.

Maraundi oyamba anayenda ngati mmene anthu ankayembekezera. Siki ankaoneka wamantha, anagwada pansi mu raundi yoyamba, ndipo mu raundi 3 anagwetsedwa ndi chibakera champhamvu. Atadzuka pamenepo zinthu zinatembenuka. Anayamba kumuthamangitsa Carpentier ndi zibakera za m'nthiti ndi kumaso, ndipo pofika raundi 5 nkhope ya ngwazi ija inali itatupa. Mu raundi 6 Carpentier anagwa osadzukanso. Woyimbira anayesa kupulumutsa zinthu polengeza kuti Siki wachita kumupinga ndi mwendo, choncho wopambana ndi Carpentier. Koma anthu a ku France omwewo, amene anabwera kudzachemerera mwana wawo, anakana bodza limene maso awo sanaone. Phokoso linakula mpaka majaji anasintha chigamulo. Mnyamata wotsuka mbale uja anakhala ngwazi ya dziko lonse ali ndi zaka 25.

Patapita milungu ingapo Siki anaulula yekha kuti nkhonyayo inali yokonzedwa kale. Malinga ndi iye, anagwirizana kuti agwe dala m'maraundi oyamba n'kulandira yake, koma ali m'bwalo, anthu akumuyang'ana, mtima unakana kugwada pamaso pa munthu amene akanatha kumugonjetsa. A mbali ya Carpentier anakana nkhaniyi. Bungwe la nkhonya la ku France linali litamuimitsa kale Siki pomunena kuti anamenya munthu pa nkhonya ina imene anapita kukaonerera. Blaise Diagne, mwana wa ku Senegal amene anali phungu m'nyumba ya malamulo ya ku France, anaimirira m'nyumbamo kumuteteza, kunena kuti akumulanga chifukwa cha khungu. Ku London anakonza zoti amenyane ndi Joe Beckett, koma boma la Britain linaletsa. Silinafune kuti anthu a m'maiko amene linkalamulira, kuphatikizapo Nyasaland wathu, amve kuti munthu wakuda wagwetsa mzungu pakati pa London.

Makomo atatsekeka chonchi, Siki anavomera kukateteza lamba wake ku Dublin, ku Ireland, kwa Mike McTigue, mwana wa dziko lomwelo. Tsiku lake linali 17 March 1923, lomwe ndi tsiku la chikondwerero chachikulu cha anthu a ku Ireland, dziko lili pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo bomba linaphulika pafupi ndi holoyo madzulo omwewo. Anamenyana maraundi 20. McTigue anali wopepukirapo, wodziwa kuzemba ndi kutchinga, ndipo Siki anamuthamangitsa usiku wonse osamugwetsa. Chigamulo chinapita kwa McTigue. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati chinali chachilungamo, koma lamba anapita, atakhala naye miyezi 6 yokha.

Apa tsopano, abale, ndi pamene nkhaniyi imawawa. Zoipa zimene anthu anamuchitira Siki ndi zoona ndipo sitingazichepetse. Koma panalinso mdani wina amene ankagona naye m'chipinda chimodzi. Ndalama zitabwera, Siki anayamba kuzimwaza. Ankavala masuti odula, kuyenda m'misewu ya Paris atagwira mwana wa mkango pa chingwe, kugulira mowa aliyense wopezeka m'bala, ndipo iye mwini ankamwa kwambiri. Anthu omwe ankamutcha wakutchire anasangalala, chifukwa tsopano anali kuwapatsa nkhani zolemba tsiku lililonse. Ku malo ophunzirira nkhonya ankapitako mwa apo ndi apo. Thupi linali lomwe lija, mphamvu zinali zomwe zija, koma mpweya unayamba kuchepa ndipo miyendo inayamba kulemera.

Chakumapeto kwa 1923 anasamukira ku America. Nkhonya yake yoyamba ku Madison Square Garden anagonja kwa Kid Norfolk atamenyana maraundi 15. Kuchokera apo kugonja kunachuluka kuposa kale, ndipo mu March 1925 Paul Berlenbach anamumenya mpaka woyimbira kuimitsa nkhonya mu raundi 10. Dzina lake linkamveka kwambiri pa nkhani za kuledzera, kukangana ndi oyendetsa matakisi ndi kugona m'chitokosi kuposa pa nkhani za m'bwalo. Chaka chomwecho anabayidwa ndi mpeni mumsewu koma anapulumuka. Usiku wa pa 15 December 1925 anapezeka atagona chafufumimba mumsewu wa dera la Hell's Kitchen ku New York, ataomberedwa zipolopolo ziwiri kumsana. Anali ndi zaka 28. Palibe amene anamangidwa n'kupezeka wolakwa pa imfa yake.

Anaikidwa m'manda ku New York komweko, kutali ndi kwawo. Panapita zaka 68. Mu 1993 mafupa ake anafukulidwa n'kutumizidwa ku Senegal, ndipo anaikidwanso m'manda a Asilamu ku Saint-Louis, m'mphepete mwa nyanja imene inamutenga ali mwana. Za mapeto ake pakati pa iye ndi Mbuye wake si zathu kuweruza. Sitikudziwa zimene zinali mumtima mwake, ndipo chifundo cha Allah ndi chachikulu kuposa machimo a munthu aliyense. Ife gawo lathu ndi kumupemphera chikhululuko ndi kutolapo phunziro.

Ndiye pa mkangano wa pa vidiyo sho uja tinene kuti chiyani? Nkhaniyi yatipatsa mayankho atatu. Munthu waluso amagonjetsa wamkulu wopanda luso, ngati mmene Carpentier anachitira ndi Wells. Onse akakhala aluso, wamkulu ndiye amapambana kawirikawiri, ngati mmene Dempsey anachitira ndi Carpentier, ndipo n'chifukwa chake kufanizira Mayweather ndi Joshua kulibe mutu pokhapokha mukufunsa kuti ndani anachita zazikulu pakati pa anzake a msinkhu wake. Lachitatu ndi limene anyamata sakonda kulitchula. Thupi ndi luso zonse zimadalira mwini wake kuti azisunge. Carpentier anataya lamba chifukwa choderera mnzake ndi kusakonzekera. Siki anautenga chifukwa tsiku limenelo anali wokonzeka ndi wolimba mtima, ndipo zimene anapeza zinamuthera m'manja pamene analephera kudziletsa.

Izi Mtumiki wathu Muhammad, Swalla Allahu alayhi wasallam, anatiphunzitsa kalekale. Iye mwini anali wamphamvu, ndipo mbiri imatiuza kuti anagwetsa Rukana, katswiri wa kulimbana wa ku Makka amene anthu ankamuopa. Komabe pofotokoza za munthu wamphamvu weniweni sanaloze kwa wogwetsa anzake, analoza kwa amene amaugwira mtima wake pamene wakwiya. Kumbukiraninso Swahaba Abdullah ibn Mas'ud, Radhiya Allahu anhu, munthu wochepa thupi. Tsiku lina atakwera mumtengo, mphepo inaonetsa miyendo yake yowonda ndipo anzake anaseka. Mtumiki anawadziwitsa kuti miyendo imeneyo idzalemera pa sikelo ya tsiku la Qiyama kuposa phiri la Uhud. Ife amene timadzuka m'mawa uliwonse n'kuona phiri la Ntchisi tingathe kuganizira kulemera kumeneko. Qur'an nayo imatiuza za Dawud, Alayhi salaam, amene anapha Jalut pamene asilikali ambiri anali atachita mantha, ndipo gulu limene linatsala pa nkhondoyo linali la amene anapirira ludzu pa mtsinje pamene anzawo anamwa mosadziletsa.

Tinene poyera kuti sitikulemba izi pofuna kuti mukagule magolovesi. Ma ulama ambiri amaletsa nkhonya za mtundu umenewu chifukwa Mtumiki analetsa kumenya kumaso, komanso chifukwa zimawononga ubongo. Amene akufuna kulimbitsa thupi ali ndi njira zambiri: kuthamanga, mpira, kunyamula zitsulo, ngakhale khasu lenilenilo. Ndipo kubetcha pa nkhonya kapena pa mpira, kaya ndi pa foni kaya ndi pa shopu, ndi juga, ndipo juga ndi haramu. Pamenepa palibe kusiyana maganizo.

Chimene chatikhudza pa Siki ndi chakuti nkhani yake ikufanana ndi ya anyamata amene timawadziwa. Anachoka kwawo ali wamng'ono, anakakhala pakati pa anthu omunyoza, anavutika zaka zambiri, kenako ndalama zinabwera tsiku limodzi iye alibe womulangiza. Kodi si zimene zimachitika mnyamata akagulitsa fodya kapena soya, n'kusowa pakhomo sabata yathunthu ali pa Mponela, pobwera m'thumba muli mbee? Kodi si zimene timamva za ena amene anapita ku Joni? Chaka choyamba amatumiza ndalama, amaimba foni, Jumu'ah sajomba. Chaka chachitatu nambala siikupezekanso, ndipo mapeto ake abale akusonkherana ndalama zobweretsera maliro. Ambiri mwa iwo mphamvu anali nazo, luso la ntchito anali nalo. Chimene chinasowa ndi munthu wowakoka malaya, ndi mtima wovomera kukokedwa.

Choncho m'bale wanga, ngati ukukonzekera ulendo, kaya wa ku Lilongwe, ku Joni kapena kwina, usanafunse za ntchito funsa kaye kuti mzikiti uli pati ndipo ukakhala ndi ndani. Ngati ndalama za zokolola zili pafupi kulowa, khala pansi ndi mayi ako, mkazi wako kapena m'bale wodalirika, mugawe zochita ndalamazo zisanafike m'manja. Ngati pali mnzako amene ukuona kuti wayamba kutsetsereka, usadikire kudzanyamula jeneza lake. Mupite kwa iye awiri kapena atatu, mwaulemu, mobisa, osati kumuyalutsa pa WhatsApp. Ndipo iwe mlongo wanga, zimenezi zikukukhudzanso, pakuti kudziletsa pa lilime, pa foni ndi pa ndalama kulibe mwamuna kapena mkazi. Amene wagwa kale asataye mtima. Siki anagwa kawiri pa tsiku limene anapambana, ndipo khomo la tawba ndi lotsegula mpaka mzimu utafika pakhosi.

Allah amukhululukire Amadou M'Barick Fall, amuchitire chifundo pamodzi ndi Asilamu onse amene anafera kutali ndi kwawo. Awateteze abale athu amene ali pa ulendo, atipatse mphamvu zogonjetsa mitima yathu, ndipo alemeretse sikelo zathu ndi ntchito zabwino pa tsiku la chiweruzo. Ameen.